Wakabaza wa Malaya Achikasu

Loboti ya pamlatho inali yofiira pamene Binali anaimitsa lole. Mlathowo ankaukonza, ndiye magalimoto ankawoloka mosinthana, mbali imodzi ikudutsa ina itaima. Lole yake inali yoyamba pamzere, itasenza matumba a mpunga ochokera ku Lifuwu.

Mtima wake sunali m'malo. Potuluka mumsewu wafumbi kulowa mu tala, anapanikiza wakabaza wina wa malaya achikasu mpaka munthuyo anakagwera mumchenga. Binali anamuona pakalirole akudzuka, akuloza loleyo ndi chala. Sanaimitse lole. Ankakumbukira za dalaivala mnzake amene anagunda wanjinga mwezi wathawo. Iyeyo anatsika kuti apepese, akabaza anamuthyola nsagwada. Mpaka pano amangomwa phala.

Atasuzumiranso pakalirole, malaya achikasu aja anali akubwera.

Wakabazayo ankapalasa ataimirira, akulambalala magalimoto a pamzere cha kumanzere, kufupi ndi amayi ogulitsa chinangwa ndi mandasi. Atafika pakati pa lole anagwira mabuleki mwadzidzidzi, nawerama ngati akuyang'ana pomenya. Kenaka anadumpha, nakankha njinga yake chothamanga, n'kudzaipingasa kutsogolo kwa bampala.

Binali anakweza magalasi onse, nakhoma zitseko.

Munthuyo anali wamtali, wamapewa, tsaya lina lili ndi mchenga ndi magazi. Anamenya chitsulo cha lole ndi chikhatho. Pakamwa pake pankatseguka kwambiri, koma mawu sankamveka. Injini inkalira, ndipo chimakina chotsendera dothi chinkagunda pafupi pomwepo.

"Bambo inu, chokani. Ndalakwa, koma chokani," Binali anatero, akudziwa kuti akudziyankhula yekha.

Loboti inasanduka yobiriwira.

Minibasi ya kumbuyo inaliza hutala. Magalimoto ena anatsatira, mzere wonse unangoti pipiii. Wakabazayo sanasunthe. Anatambasula manja, miyendo itatangadza, maso ali pa Binali.

Akabaza ena amene ankadikira loboti anagwetsa njinga zawo n'kuthamangira kuloleko. Wina anakwera pa sitepe, nayamba kugwedeza chitseko. Wina ankamenya galasi ndi chipewa. Kumanzere kunamveka mayi akukuwa, manja ali kumutu, ndipo anthu ankangochulukira. Binali anali ataonapo zotere. Mayi mmodzi akakuwa, miyala sichedwa.

Anaponda mafuta kuti awaopseze. Lole inabangula, utsi wakuda unakwera. Anthu a m'mbali anabwerera m'mbuyo akufuula, koma wa malaya achikasu anasendera kufupi mpaka chifuwa chake chinakhudza chitsulo. Anakweza dzanja, nalidutsitsa pakhosi pake. Analidutsitsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti Binali aone bwino.

 Binali anaganiza za mkazi wake, amene anamusiya m'mawa akusita yunifolomu ya ana. Anayang'ana kutsogolo. Mlatho unali pululu, tsidya lina magalimoto ataima, ndipo polisi sinali kutali. Akangowoloka, akadzipereka yekha kumeneko, kusiyana n'kuti amukokere pansi pano. Munthu wamoyo saima pamaso pa lole yoyenda. Adzadumpha yekha.

Anaponda kilatchi, nalowetsa giya.  Anatsitsa handibuleki.

Wakabazayo anaona zonse kudzera pagalasi lakutsogolo. Sanadumphe. Ananyamula njinga yake, njinga yodyetsa banja lake, naiponya pansi pa tayala lakutsogolo.

Lole inadzuka pang'ono. Panamveka kuphwanyika kwa zitsulo, masipoko akuduka, ndipo chiwongolero chinagwedezeka m'manja mwa Binali. Phazi linaterereka pa kilatchi. Lole inadumpha kamodzi, injini n'kuzima.

Binali anaphimba mutu ndi mikono, akudikira mwala woyamba.

Mwala sunabwere. Amene anali pa sitepe anatsika. Mahutala analeka limodzi ndi limodzi, ndipo wa chimakina chija anachizimitsa. Binali atadzutsa mutu anapeza kutsogolo kulibe munthu. Anthu onse anali kumanzere, ena atagwada, ena atagona chamimba pa tala, akusuzumira kunsi kwa lole. Pakalirole anangoona miyendo ya wakabaza uja ikulowa pansi, chokwawa.

Anatsitsa galasi pang'ono. Kunali zii, kupatula mawu a mayi uja, amene tsopano ankamveka bwinobwino.

"Tausi, usasunthe mwanangu! Khala pomwepo, amalume akubwera!"

Wakabazayo anatuluka chafutambuyo, msana uli ndi girizi. Pachifuwa anafungatira kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, kamene kanakwawira mumthunzi wa lole n'kukakhala pansi, katatsamira matayala akumbuyo.