A Griffin Kuseri kwa Katani

Immaculata anapachika mashiti awiri a pabedi pachingwe m'chipinda chodyera, n'kuwatcha katani. Panyumba yosungira okalamba ya masisitere ku South B, mumzinda wa Nairobi, panalibe siteji, koma nthawi yofunafuna holo panalibenso. Adokotala anali atanena kuti a Griffin sauona mwezi wamawa.

A Griffin anali Mngelezi wokalambira ku Nairobi. Paunyamata wawo ankagwira ntchito m'nyumba ya zisudzo ku London, ndipo mawu a mfumu ya m'sewero lina ankawalakatula osaphonya, ngakhale powasambitsa. Dzina la Immaculata, namwino wawo, ankaliiwala tsiku ndi tsiku, koma mfumuyo ayi. Zinkamuwawa mtsikanayo kuti katswiri wotere atsikire kuli chete popanda womuombera m'manja komaliza.

Choncho Lamlungu anakokera kumeneko kwaya yonse ya Amalawi, molunjika kuchokera kutchalitchi. Ena ananyinyirika za ndalama zokwerera minibasi, komabe anabwera. Nkhalambayo anaiveka mkanjo wofiira ndi chisoti cha katoni, n'kuikhazika pampando kuseri kwa mashiti aja. Nkhope yake inawala ngati ya mwana wovala zatsopano.

"Amayi ndi abambo," anakuwa Immaculata, "katswiri wa ku London uja ndi ameneyu!"

Anthu anaomba m'manja. Katani osagwedezeka. Anaombanso mpaka manja kuwawa. Immaculata atasuzumira anapeza a Griffin ali tsonga, milomo ikuyenda, khutu atatchera.

"Tulukanitu agogo, anthu akudikira."

"Sanandiuze," ananong'ona a Griffin.

"Ndani?"

Iwo anangopukusa mutu.

Kwaya inaimba nyimbo zophimba manyazi, kenaka inabalalika. Immaculata anawavula chisoti chija mtima utawira, poganiza kuti amenewa ndiwo matama a akatswiri. Lachinayi a Griffin anamwalira.

Dinah, mwana wa mchemwali wawo, anabwera kuchokera ku Mangalande kudzaika maliro. Anakhala ndi Immaculata m'chipinda chodyera chomwecho, ndipo namwinoyo anafotokoza zonse.

"Amalume sanapondepo pasiteji," anatero Dinah. "Ntchito yawo inali kuvala n'kukhala kuseri, kudikira kuti mwini gawo la mfumu ija akadwala iwo alowe m'malo. Munthuyo sanadwalepo. Mukanangowauza kuti wadwala, akanatuluka."