Pasipoti ya Lines

Lines anakhalanso pa benchi lomwe lija, pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi kaofesi kotumizira makalata pa Muloza. Aka kanali kachisanu ndi chitatu. Amuna ake, a Wyson, anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukonza kolala ya jekete, n'kulowa kukafunsa.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri Lines ankawerenga nkhani m'Chilomwe pa kawailesi ka m'dera. Mawu akewo anamveka patali, moti bungwe lina lofalitsa nkhani linamusankha kuti akakhale mtolankhani wawo ku Nampula, m'dziko la Mozambique, kwa zaka ziwiri. Chinatsala n'chimodzi chokha: chidindo chomulola kugwira ntchito m'dziko la eni. Pasipoti inapita ku Blantyre mu Ogasiti, ndipo anamuuza kuti idzabwerera kudzera pa kaofesi aka. Tsopano unali Okutobala. Mabwana a ku Nampula anali atanena mosapsatira kuti akapanda kufika Lolemba, malowo apatsa wina.

Akaimba foni ku Blantyre, ankati tinatumiza kalekale. A Wyson akatuluka m'kaofesi, ankati sinafike. Munthu angagwire ndani pamenepo?

Kubwerera m'mbuyo nakonso kunali kosatheka. Kuwailesi anatsanzika kale, anamudyera ndi phwando lomwe, ndipo pampando wake panakhala mtsikana wina wotchula Chilomwe ngati akutafuna chinangwa chachiwisi. Sutikesi inali chimangire kuseri kwa chitseko. Kunyumba za kuesiteti ya tiyi, kumene a Wyson anali kapitawo, Lines analeka ngakhale kupita kumpopi masana, poti mayi aliyense funso linali lomwelo: "Aa, simunapitebe?" Manyazi anamutsekera m'nyumba.

Chomupweteka kwambiri chinali kuona anzake akuwoloka. Amayi osenza madengu, njinga zolemedwa ndi matumba a nandolo, osintha ndalama akukupiza mitolo yawo, onsewo ankapita ku Milange, tsidya la Mozambique, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Agogo ake omwe anachokera tsidya lomwelo wapansi, opanda kapepala kalikonse. Koma iye, chifukwa chonyamula maikolofoni, mlatho unali utamukana.

Mwayi wake unali mwamuna. Apa ndiye panalibe chodandaula. Amuna ena akanakana poyera kuti mkazi sangasiye banja zaka ziwiri, koma a Wyson sananene liwu loipa ndi limodzi lomwe. Ndiwo anamuuza kuti alembe kalata yowalola kumutengera pasipoti, kuopa kuti ingafike iye ali kuntchito. Lachisanu lililonse ankapempha kwa bwana wawo, n'kumukweza panjinga. M'kaofesimo ankalowa okha. "Inu mtima wanu ndi wapachala, amayi," ankatero. "Mukakawalalatira, akaitaya dala." Ndipo ankavala jekete, kutentha konseku kwa Okutobala, thukuta kamukamu ngati wotchola tiyi, ati munthu wolowa muofesi azioneka bwino. Lines ankawaseka, koma mumtima ankawanyadira.

Patapita kanthawi, a Wyson anatuluka akupukusa mutu.

"Sinafike, amayi."

"Abambo, lero ndi Lachisanu. Lolemba ndi ili pakhomoli."

"Limbani mtima. Zikakanika, ndiye kuti Mulungu sanalole. Ine ndili nanu." Anaika dzanja pachifuwa, monga ankachitira nthawi zonse polonjeza.

Lines misozi inali pafupi, ndipo sanafune kulira pagulu. Atati akwere njinga, anapeza tayala lakumbuyo litaphwa. A Wyson anaikankhira kwa wokonza njinga patsidya pa msewu, namusiya pabenchi.

Apo m'pamene mayi wina wogwira ntchito m'kaofesi muja anatuluka kudzagula chinanazi kwa wogulitsa wina pafupi ndi benchilo. Pa bulauzi yake panali kabaji kolembedwa kuti Rosie. Wogulitsayo anatembenukiranso kwa Lines.

"Nanga inu, amayi? Chotsekemera ichi."

"Ayi, zikomo, lero ndilibe nacho chilakolako," anatero Lines.

Rosie anatembenuka msanga, chinanazi chili m'manja.

"Iii, mawu amenewo ndikuwadziwa! Si inu a Lines a pawailesi? Amayi anga sankadya madzulo asanakumveni. Ndiye ku Nampula mwabwerako kale?"

"Ndikapita bwanji, achemwali, pasipoti isanafike? Miyezi iwiri tsopano ndikutha benchi lanuli."

Rosie anamuyang'ana modabwa. Kenaka anayang'ana patsidya pa msewu.

"Pasipoti yanu? Inabwera pa 2 Seputembala, chidindo chilimo bwinobwino. Anasainira ndi bambo ajawo, anabwera ndi kalata yanu."

"Nanga Lachisanu lililonse amalowa kudzatani?"

"Kudzatchaja foni."

Lines anaimirira pang'onopang'ono. A Wyson anali akuwoloka msewu, akukankha njinga ndi dzanja limodzi, akumwetulira mwachifundo. Dzanja linalo linali pachifuwa, litapanikiza thumba la m'kati mwa jekete, pomwe panatukuka kanthu ka ngodya zinayi.