Mizere ya Ubongo wa Bambo

"Taona ikuvina!" anakuwa mayi, akuloza pakompyuta ya mwana wawo muofesi. "Kuchipatala kuja mizere ya ubongo wa bambo ako yangogona. Kuno ikudumphadumpha. Ndiye kuti atsitsimuka eti?"

Mwanayo anali katswiri wofufuza za ubongo. Kwa zaka zitatu anakhala akuumba ubongo wongoyerekeza pakompyutapo, potengera mafunde omwe anajambula m'mutu mwa bambo ake asanakomoke.

"Amayi, awa ndi masamu chabe, si bambo ayi. Paja adokotala anena kuti mawa azimitsa makina owathandiza kupuma aja."

Mayi anayang'anitsitsa mizere ija osaphethira. Kenako anakoka mpando, navula nsapato, n'kukhala pafupi ndi kompyutayo.

"Azimitse awowo," anatero motsitsa mawu. "Ine ndizidwazika awa."