Mphindi Zinayi za Nsungwi

Wezulo italira, Nsungwi anali atasewera mphindi zinayi zokha.

"Nambala 14, tuluka. Kakhale apo," anatero kochi, mayi wa imvi zapatalipatali, akuloza benchi ya kukhoma. Sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa pepala.

Nsungwi anatuluka m'bwalo. Dzinali anam'patsa anzake kusukulu chifukwa cha kutalika, ndipo lero kutalikako kunamugulitsa. Holo yonse inamuona akupita kukakhala.

Atsikana makumi atatu anabwera m'mawa umenewo kudzayesedwa mu timu ya basiketibo ya pa yunivesite. Malo analipo asanu okha. Wotengedwa amapatsidwa sukulu ndi bedi ku hositelo. Wotsala amabwerera kwawo. Kwa Nsungwi, kubwerera kunali kukaima kuseri kwa kauntala ya golosale ya amalume ake, kumatsitsa katundu wa pa shelefu ya m'mwamba mpaka kalekale.

Cholakwa chake amachidziwa. Iye anakulira netibo, basiketibo anaiyamba chaka chatha. Atangowakha mpira woyamba anaima chilili, phazi limodzi atalikhomera pansi ngati mmene amachitira ku netibo, anzake akukuwa kuti ayende nawo. Anaponya kawiri, kawiri konse kuphonya. Mipira yogunda ringi n'kubwerera yokha ndiyo imathera m'manja mwake, koma ndani amawerengera zotolatola?

Pa benchipo anapezapo kamtsikana kakafupi, kakudya zikhadabo.

"Takulandirani kuno kwa otayidwa," kanatero. "Ine andichotsa nditagwa chagada. Inu mwalakwa chiyani, aatali?"

"Netibo."

"Ndinaona. Ndimayesa mwaima kuti akujambuleni."

Nsungwi sanaseke. Maso ake anali pa Nambala 9, mkulu wake weniweni, amene anamuphunzitsa masewerawa pa bwalo la simenti kuseri kwa sukulu. Mkuluyo anayesedwanso chaka chatha n'kutsala. Lero anabwera ngati wolusa. Amadutsa pakati pa anthu awiri, kuponya, mpira n'kulowa osakhudza ringi. Kochi amamutulutsa kuti apume, kenako n'kumubwezanso. Onse opuma amakhala pansi mbali inayo, n'kumaitanidwanso. A pa benchi ya kukhoma okha ndi amene sanaitanidwenso.

Nthawi yomwa madzi, mkuluyo anabwera thukuta lili kamukamu.

"Usalire pano, wamva? Anthu akuona."

"Sindikulira, achemwali."

"Ndinakuuza kangati kuti ukagwira mpira uziyenda nawo? Kangati?"

"Mwendo unangokana wokha."

"Basi, zachitika." Anamwa madzi, n'kumupatsa botolo. "Ndikalowa ine ndidzakulankhulira chaka chamawa. Amayi ndikawafotokozera ndekha, iwe usakayankhule kanthu."

Wezulo inalira, mkuluyo n'kuthamangira m'bwalo.

Ola linatha. Pa benchi panabwera wina wotsimphina pang'ono, kenako wina amene anakangana ndi woimbira masewerawo. Nsapato zimalira pa matabwa, mpira kugunda, kochi kulemba. Nsungwi anayesa kukumana naye maso kuti mwina am'patse mphindi zina ziwiri zokha. Anafika poimirira, n'kumadziwongola ngati akukonzeka kulowa.

"Nambala 14, ndati ukhale," anatero kochi osatembenuka.

Atsikana a mbali inayo anamva. Wina anabisa nkhope m'malaya, mapewa akugwedezeka.

Nsungwi anakhala. Anaganiza za amalume ake mmene akamulandirire: "Wabwera, wa ku yunivesite? Tatsitsa makatoni awo." Anaganiza zokhala pomwepo mpaka mayina awerengedwe, aliyense akumuyang'ana, iye akuombera m'manja anzake. Ayi. Kuli bwino akamudikire mkulu wake pa geti.

Anamasula zingwe za nsapato, n'kuziika m'chikwama. Anavala masilipasi.

"Mukuthawa?" kanafunsa kakafupi kaja.

"Ndikukapuma mpweya."

"Ndi chikwama chomwe?"

Nsungwi anakoleka chikwama paphewa. Anayenda motsatira khoma, mutu uli pansi, akupempha kuti wezulo isalire. M'bwalo mkulu wake anagoletsanso, a mbali inayo n'kukuwa. Chitseko chinatsala masitepe atatu.

Chinatseguka chokha. Analowa bambo wachikulire, tepi yoyezera ili m'khosi, pensulo pakhutu, kabuku m'manja. Anayang'ana kwa kochi. Kochi analoza benchi ya kukhoma ndi chibwano, kenako analoza Nsungwi.

"Mwana wanga, ndiwe wa pa benchi apo?" anafunsa bamboyo, ataima pakhomo penipeni.

"Eya. Koma ndikupita, bambo. Ndidutse nawo."

"Kupita kuti? Ine ndine telala wa timuyi, ndili ndi ntchito yambiri. Ika chikwama pansi, tambasula manja."

Nsungwi anaika chikwama pansi n'kutambasula manja. Telala anamuyendetsa tepi kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, akudandaula kuti nsalu ithera pa munthu mmodzi.

"Bambo, mwasokoneza. Ifetu atichotsa."

"Akuchotsani, eya. Mayi ameneyu zaka zonsezi amatero. Amene wamutenga amamukhazika pansi msanga, kuopa kuti angathyoke mwendo sukulu isanatsegulidwe." Analemba nambala m'kabuku, n'kuloza m'bwalo ndi pensulo. "Inu anayi mwalowa. Onse akuthamangawa akulimbirana malo amodzi otsala."

Nsungwi anatembenuka, manja akadali otambasula. Mkulu wake anali atagoletsanso, ndipo amamukwezera chala chachikulu kuti alimbe mtima.