Fomu ya Waulere

Fomu inali patebulo kuyambira m'mawa, koma Mdala Fumbi anali asanalembepo kanthu. Anangoitsindikiza ndi kapu ya tiyi ngati ingathawe.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mdalayu ankasunga nyuzipepala zakale m'chipinda chapansi cha kampani ina ya nyuzi. Dzinalo anamupatsa ndi atolankhani a m'maofesi apamwamba, ndipo chifuwa chake chinkavomereza. Tchuthi sanapitepo chiyambire. Ankati munthu ukachoka pampando, abwana amazindikira kuti mpando utha kukhala wopanda munthu.

Mtsikana wina anabwera kudzaphunzira ntchito m'chipindamo pa tchuthi chachikulu cha ku yunivesite. Ankaphunzira mbiri yakale, maphunziro aja anthu akamva amafunsa kuti, "Ndiye udzadya chiyani?" Yunivesite inali ndi thumba lothandiza ophunzira otere kuti akaphunzire ntchito yosalipidwa. Thumba linkapereka ya basi ndi ya chakudya, kampani osatulutsa ngakhale kakobiri. Wochita bwino ankamulipirira fizi ya chaka chomaliza, wolephera ankadzionera yekha. Atolankhani, pakamwa pawo posatopa paja, sanachedwe kumutcha Waulere.

Lolemba sabata yomaliza, mtsikanayo atatumidwa kukasiya mafayilo, manijala anatsika yekha m'chipindamo. Chiyambire anali asanapondemo.

"Mdala, zinthu zathina," anatero atatseka mphuno ndi mpango. "Wophunzira akatha kuyendetsa chipinda chino yekha, yunivesite izititumizira ena mosinthana chaka chonse. Inu mukapume. Akalephera, basi, tikusungani. Lembani zoona pa fomupo. Ndipo musamubisire ntchito, mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Mwambi umakoma pakamwa pa munthu amene ntchito yake ili pabwino.

Tsopano linali Lachisanu masana. Waulere anagwada pakona, akumanga mtolo wa nyuzi ndi waya wofiira. Nsapato yake yakumanzere inali yosokedwa ndi waya womwewo. Miyezi iwiri yonse mdalayo sanamusekererepo. Tsiku loyamba anamukalipira pamaso pa atolankhani chifukwa chonyambita chala potsegula tsamba.

"Malovu amaoletsa pepala! Ku yunivesiteko amakuphunzitsani chiyani?"

"Pepani bwana," anayankha mtsikanayo, maso pansi.

Kuyambira pamenepo zinali zomwezo. Akachedwa mphindi ziwiri, mdala ankaloza wotchi. Ankadya aliyense pakona pake, buledi ndi tiyi, osalankhulana. Poweruka mtsikana ankatsogola, mdala n'kutsala mphindi khumi, ngati kuyenda naye limodzi kunali kochititsa manyazi. Atolankhani ankati Fumbi akumuda mwana wa eni ngati ndiye anamuphera mayi.

Foni ya pakhoma inalira. Mkonzi ankafuna nkhani ya mlatho umene unagwa zaka makumi atatu zapitazo. Tsiku sankalidziwa, mwezi sankaukumbukira. Ntchito ngati imeneyi ndi imene inkadyetsa mdalayu zaka zonsezi, chifukwa mndandanda wa m'chipindamo unali m'mutu mwake mokha.

Mdala sanadzuke. Anapinda manja n'kuyang'ana mtsikanayo.

Waulere anaima pang'ono, milomo ikuyenda. Anakoka makwerero, n'kukwera pashelefu yachinayi. Anatsitsa mtolo wa miyezi ya mvula, n'kuyamba kutembenuza masamba ndi chikhatho chouma, monga anamuphunzitsira. Sipanathe mphindi zisanu, mlatho unali patebulo, chithunzi ndi nkhani yomwe.

Mphunzitsi wina akanaomba m'manja. Mdala Fumbi anachita mantha enieni, mantha a munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wa chifuwa chofooka, amene sadziwa ntchito ina koma fumbi. Anaganiza za lendi, za mkazi wake amene maso anali atayamba kumuvuta pa makina osokera, za mzera wa anyamata a madigiri umene ankaudutsa pageti m'mawa uliwonse.

Anachotsa kapu pa fomu ija. Inasiya chizindikiro chozungulira.

Funso loyamba linali losavuta: kodi wophunzirayu ndi wachibale wanu? Malamulo a thumba ankaletsa zimenezo. Analemba msanga kuti ayi. Za nthawi, za ulemu, za ukhondo, anangodutsamo. Pa funso lomaliza cholembera chinaima. Kodi wophunzirayu angathe kugwira ntchito popanda womuyang'anira?

Mawu amodzi okha, ndipo mpando ukanakhala wake mpaka imvi zitatha. Ndani akanamutsutsa? Mwana ananyambita chala, atolankhani onse ndi mboni. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Anaphimba pepala ndi dzanja lamanzere, n'kulemba. Anasayina, anadinda chidindo mwamphamvu mpaka kapu inanjenjemera, n'kumata envelopu. Nkhope yake inali ya munthu amene wachita chinthu chosabwezeka.

"Tenga. Ukapereke kwa manijala, iwo atumiza ku sukulu kwanu."

Waulere analandira ndi manja awiri. Anafika pakhomo, anasuzumira m'khonde uku ndi uku. Munalibe munthu. Anabwerera pang'ono, mawu ali pansipansi.

"Ababa, mwandilembera bwino?"

"Ndalemba kuti ungathe wekha. Fizi yako yatheka, mwanangu." Mdalayo anatsuka kapu ija n'kuiika m'chikwama, osati pashelefu. "Tsogola. Ukawauze amayi ako kuti kuyambira Lolemba ndili pa tchuthi."