Njiwa ndi Chisa Chogwa cha Tchete

Padangotero, tili tonse.

Panali Tchete, katswiri woluka zisa m'bango la kudambo. Chisa chilichonse chimene ankaluka, mkazi wake ankachimasula ndi mlomo n'kuchigwetsa pansi. Mapeto ake mkaziyo anauluka ndi wina, ndipo Tchete analumbira kuti sadzalukiranso aliyense.

Tsiku lina anaona Njiwa, amene mwamuna wake anamusiya ndi mazira awiri, akutola chimodzi mwa zisa zogwa zija.

"Mayi, siyani chimenecho!" anakalipa Tchete. "Mukufuna mukandiseke ndi anzanu?"

"Ndikusekeni chifukwa chiyani, bambo?" anayankha Njiwa. "Kwathu timagona pa timitengo touma, mphepo ikulowera pansi. Udzu wanuwu ndi wofunda. Zikomo." Anawomba mapiko, phaphapha, n'kuuluka.

Tchete anaona ngati chipongwe. Pofuna kumuyesa, m'mawa mwake analuka dala chisa chokhota, chopanda ndi khomo lomwe, n'kuchiponya pansi. Mumtima ankati, "Lero anyoza basi, ngati mkazi wanga uja."

Njiwa anachitembenuza uku ndi uku, nati, "Apa pokha mwamanga molimba, mvula singalowe. Zikomo." Anawombanso mapiko.

Tchete anatsika m'bangomo misozi ili lengelenge.

"Bweretsani kuno, mayi. Ndachiluka ndi mtima woipa. Ana asabadwire m'chinthu chotere. Ndionetseni mtengo wanu."

Anapita kukaluka kwa tsiku limodzi, koma kudambo sanabwererenso. Mpaka lero njiwa ikamanyamuka imayamba yawomba mapiko, ngakhale itangotola kanjere kamodzi.

Nthano yanga yathera pamenepo.