Kadzidzi wa a Sumani

"Mtengowu ugwe lero," anatero a Sadik, eni nyumba, nkhwangwa ili m'manja. "Kadzidzi ameneyu akuitana maliro a bambo ako."

"Chonde, che Sadik," Ajira anadandaula. "Chifereni ziwalo, bambo salankhula. Ndikawagoneka kuseri kuno, amayang'ana kadzidziyo ndi tiana take mumtengo wa mangowu. Mpomwe amalola kumwa phala."

"Ndiwe mwana iwe, sudziwa."

Ajira analibe kwina kosamukira m'Mangochi muno. Anangoima chilili, mtengo n'kugwa, mbalame n'kubalalika.

M'mawa mwake anawagonekanso bambo akewo, a Sumani, pamalo pomwepo. Maso awo anafunafuna m'mwamba mopanda kanthu. Supuni ya phala itafika, anatseka pakamwa.

A Sadik, akusuzumira pampanda, anapukusa mutu.

"Waona?" anauza mkazi wawo. "Tinachedwa kudula."